Mbale ya pansi pa pikapu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anabwera kuchokera ku Halale ndi pikapu yakale. Kwathu ku Limbuli, anthu amene ankangowatcha mkamwini anayamba kuwavulira chipewa. Koma galimotoyo inabwera ndi nthenda yake: ekiselo yakumbuyo, chitsulo chozunguza matayala chija, inkadontha oyilo.

Kamphira kotsekera podonthapo kankapezeka ku Limbe, ndipo mtengo wake sunali wa anthu ngati ife. Tsono bambo anakulungapo khonje wopaka sopo. Ine Esinati, ntchito yanga inali kutchera mbale pansi pake, m'mawa n'kusefa oyiloyo pakansalu kuti abwezeremo. Ndinkachita nayo matama ntchitoyi, anzanga ali kotunga madzi. Oyilo akachepa, bambo ankawonjezera mafuta a nsatsi amene mayi ankadzoza mlongo wanga wakhanda, Jemusi.

"Bambo ake a Esinati, mukulanda mwana mafuta kuti mumwetse chitsulo?" anafunsa mayi tsiku lina.

"Tikagulitsa nandolo ndikagula kamphirako," anayankha bambo akuseka. "Kadontho sikapha galimoto."

Nandolo asanakhwime, Jemusi anadwala malungo mpaka kukomoka. Tinanyamuka kupita kuchipatala cha mishoni, ine nditakhala kumbuyo. Pamabampu khonje uja anaduka, ndipo ndinaona mzere wakuda ukutitsatira pafumbi. Ndinamenya denga ndikukuwa. Bambo anasuzumira, nawuona mzerewo, koma oyilo wina tinalibe, ndiye anangoponda moto. Tili pakati pa minda ya tiyi, ekiselo inayamba kulira, kunamveka fungo la chitsulo chopsa, matayala n'kuuma gwa.

Bambo anatenga mwana m'manja mwa mayi n'kuthamanga wapansi. Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono, atamufunditsa jekete mpaka kumutu. Kulira kwa mayi pamsewu paja sikunachokebe m'makutu mwanga.

Nandolo atagulitsidwa, bambo anapitadi ku Limbe kukagula kamphirako. Kanali kakang'ono, kokwana pachikhatho changa. Sanakaikepo. Pikapu inachita dzimbiri kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, iwo n'kumangoyenda nako kamphirako m'thumba mpaka imfa yawo.

Ndili mwana ndinkawakwiyira bambo. Lero ndikudziwa kuti sanali ouma manja. Anali m'mphawi amene ankaganiza kuti tsoka lidikira nandolo. Koma denga langa likangodontha, ndimaitana wokonza tsiku lomwelo. Mbale sinditcheranso.