Mizere Imene Inapindika M'diso la Bambo

Bambo anga amakhoma maboti a matabwa ku Nkhudzi, ndipo chaka china asodzi anayamba kuwathawa. Ankati maboti awo akutuluka okhota. Ntchito inali kuwapulumuka m'manja ife tikuona. Amayi ankati ndi ukalamba, koma eni ake ankakana kwamtuwagalu, mlandu wonse n'kuukankhira kwa ocheka matabwa.

Ine ndimaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo pa tchuthi ndinapita kumudzi ndi laputopu. Masiku amenewo ndinali nditatengeka ndi pulogalamu ina yojambulira mizere ndi makona. Ndinkapangira zithunzi zonamiza maso. Umajambula mizere yowongoka bwinobwino, kenako n'kuikamo timabokosi takuda ndi toyera mosemphanitsa, basi mizere ija imaoneka ngati yapendekeka. Ana asukulu amakangana mpaka kutulutsa marula, ine n'kumangoseka, poti palibe chimandikomera ngati kuona mwana wodzimva akutsutsidwa ndi maso ake omwe.

Masana ena ndinali pakhonde, nditangomaliza kujambula mizere yoimirira ndi yopingasa ngati ukonde. Bambo anatulukira utuchi uli mbuu m'tsitsi, n'kusuzumira. Diso lakumanzere anali atatsinzina, monga amachitira akamaona ngati thabwa lawongoka.

"Ndiye matsenga ako aja ndi amenewa? Pakatipa papindikadi," anatero.

"Sindinayambe, ababa. Iyi ndi mizere chabe."

"Usandipusitse iwe. Apa pafufuma ngati thabwa lonyowa."

Ndinaika rula pagalasi la laputopu. Anati rulanso yapindika. Apo ndinachita mantha. Ndinawapempha kuti atsinzine diso lakumanja, ayang'ane ndi linalo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Tsopano yawongoka," anatero chapansipansi.

Kuwatengera kuchipatala inali nkhondo ina, chifukwa munthu wamkuluyu amakhulupirira kuti jakisoni ndi wa ana. Anagonja amayi atawaopseza kuti awabisira zipangizo. Kumeneko anawapeza ndi matenda a shuga, omwe anali atawononga kale mkati mwa diso lakumanja, lomwe lija ankayezera matabwa moyo wawo wonse. Limenelo silinabwerere mwakale. Lakumanzere analipeza lisanafike poipa, ndipo mpaka lero likuona.

Anaphunzira kuyeza ndi diso limenelo atakalamba kale, akung'ung'udza tsiku ndi tsiku kuti zili ngati kudya ndi dzanja lamanzere. Koma akukhomabe, ndipo ndikaimba foni ndimamva hamala ikulira chapatali, amayi akuwakuwira kuti abwere adzayankhe.

Ndimathokoza Mulungu kuti tsiku lija bambo anabwera pakhonde msanga, ndisanaike timabokosi. Akanachedwa pang'ono, tonse awiri tikanaona mizere yopindika, n'kuseka limodzi, iwo n'kubwerera kumatabwa awo.