Tsiku la katemera ndinali m'shedi ya fodya

Mwa atsikana asanu ndi mmodzi a m'komboni mwathu amene tinkaphunzira kalasi imodzi, ndine ndekha amene sindinabayidwe katemera woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Inali nyengo yosankha fodya pa pulazi ina, famu yaikulu kufupi ndi tauni ya Karoi, kunja kwa Malawi. Zovala, zofunda, ngakhale madzi akumwa zinkamveka fungo la masamba ouma. Aphunzitsi anatituma kukauza makolo kuti anamwino abwera Lachinayi, ndipo adzalemba m'buku dzina la mtsikana aliyense, zaka zake ndi kumene amakhala.

Amayi sankaopa jekeseni. Mphekesera zoti katemerayu amatseka mimba anangoziseka. Chimene chinawaopsa chinali bukulo. Iwo anabadwira pa pulazi, bambo awo anachokera ku Malawi, ndipo analibe chitupa cha unzika. Inenso ndinalibe kalata yobadwira. Ankakhulupirira kuti dzina likangolowa m'buku la boma, mawa lake wina abwera kudzafunsa kuti kwathu n'kuti. Choncho Lachinayi lija ananditenga ku shedi, ndipo tsiku lonse ndinkamanga timitolo ta fodya amene iwo ankasankha, wachikasu payekha, wofiirira payekha, fumbi lili m'mphuno.

Madzulo Esinati, mwana wa azakhali anga, anabwera atapinda dzanja la yunifomu mpaka paphewa, kakhadi kali m'manja. Masiku awiri sanapite kumjigo. Ndowa yake ndinasenza ine. Pamasewera a phada, ndikangoyandikira ankakuwa, "Usandigunde iwe, mkono wa boma uwu!" Anzathu anayi aja ankafa nako kuseka, kenako n'kuyamba kuyerekeza zotupa zawo. Ine ndinalibe choonetsa. Za khansa sindinkadziwa kanthu. Chinkandiwawa n'chakuti Esinati, amene ndinkamuposa masamu, anali ndi khadi lolembedwa dzina lake. Ndinafika podzibaya paphewa ndi munga wa mthethe. Amayi ataona, anangopukuta magaziwo ndi nsonga ya chitenje, maso ali kunyumba ya azakhali. "Anzathu a mapepala," anatero, "amayenda ngati pulaziyi anagula." Pamenepo ndinadziwa kuti nsanje m'nyumba mwathu sinali yanga ndekha.

Patapita zaka, namwino wina anandiuza kuti palibe amene ankafunsidwa chitupa. Atsikana awiri mwa asanu aja analibenso mapepala. Pomwe ndinkamva zimenezi n'kuti zaka zolandirira katemerayu kusukulu zitandipitirira. Amayi sindiwaimba mlandu, poti mantha awo anali ndi pochokera, koma Esinati ndimamuchitirabe kansanje.

Mng'ono wanga Tadala wakwanitsa zaka khumi, ndipo anamwino akuyembekezeka kusukulu kwawo sabata yamawa. Amayi akuti amuperekeza okha ndipo dzina lake alitchula okha. Akabwerako, ine ndi iwo tikwera basi ya ku Karoi kukayezetsa khomo la chiberekero, tonse koyamba.