Tsiku Limene a Jailosi Anaphika Kalongonda

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la utsi wa mkungudza losakanikirana ndi la masamba a tiyi limene linakanirira mu jekete yawo ya ku esiteti, ndipo ndimawaona atakhala pa chitsa akunola chikwanje, akung'ung'udza m'Chilomwe. Anali munthu wa pakamwa. Ankakalipira mbuzi, mvula, ngakhale khadi la chipani, ngakhale kuti zakhadizo ankazinenera m'khitchini amayi atatseka chitseko.

Loweruka lina ndinawaperekeza ku msika wa Chonde nditasenza nanazi. Njinga yawo inali kwa a Jailosi okonza njinga, ndipo awiriwo anayamba kukangana za tcheni. A Jailosi anakweza mawu kuti msika wonse umve: "Iwe Mnguru, bwerera kwanu kwa Apwitikizi ukadye njoka ndi kalongonda!" Anthu anaseka. Dzina limenelo ndi lotukwanira ife Alomwe, ndipo limaluma. Agogo, amene sankasowa choyankha, anangotenga njinga yawo n'kumaikankha. Njira yonse ine misozi inali chuchuchu.

Amalume a Laisoni atamva, anathamangira kwa tcheyamani wa chipani. Masiku amenewo kunyoza mtundu wa mnzako kunkatchedwa kugawanitsa dziko, ndipo aliyense ankadziwa kuti munthu wonenezedwa mlandu wotero galimoto ikamutenga, kubwerako kwake kunali kwa mwayi. Ine ndinasangalala, sindibisa. Ndinkafuna amutenge.

Tcheyamani anafika kwathu ndi a Jailosi, amene nkhope yawo inali itagwa. Akazi a Jailosi anaima kuseri kwa nthochi, mwana kumsana.

"Bambo, ingovomerani kuti anatero. Zotsalazo n'zathu," anatero tcheyamani.

"Anatero ndithu, ndipo ndi chitsiru," agogo anayankha. "Koma anatukwana ine, sanatukwane boma. Ndipatseni ndimuzenge ndekha."

"Ababa, lero lamulo lili mbali yathu!" amalume anakuwa.

"Lero. Chingwe chimene chimange pakamwa pakepo, mawa chidzasowa pomanga? Iwe pakamwa pangapa sukupadziwa?"

Tcheyamani anakanda m'mutu, n'kulola monyinyirika.

Chilango chake chinali kalongonda. Nyemba zimenezi sizifuna wopupuluma: umaziwiritsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi akudawo n'kuthira ena, chifukwa ukalakwitsa zimazunguza mutu, mwinanso kupha. A Jailosi anawaza nkhuni, anatunga madzi, anakhala pa mphika maso ali psuu ndi utsi, agogo ali pambali kuwalalatira tsiku lonse. Anawauza mmene makolo athu anayendera pansi kuthawa chikoti cha Apwitikizi, mmene manja a Alomwe anadzalira tiyi yense amene a Jailosi ankamwa, ndipo sanaiwale kunyoza makonzedwe awo a njinga.

"Yankhatu! Pano palibe galimoto," ankatero agogo. A Jailosi anangoyankha zanjingazo.

Madzulo anadyera mbale imodzi. Koyamba a Jailosi anatapa pang'ono chabe, kenaka anapempha mchere. Anabwerera kwawo ndi miyendo yawo, akazi awo akulira pambuyo.

Ndikanakonda kunena kuti zinathera pomwepo, koma ayi. Kusukulu anzanga anapitiriza kunditchula dzina lija, ndipo amalume anakhala nyengo yaitali osawayankhula agogo, ati anatigulitsa.

Lero ndikamva pa wailesi anthu akutsutsana zoti pakhale lamulo loletsa mawu onyoza mitundu ya anthu, mtima wanga umayamba waima ndi amalume, kenaka ndimakumbukira kuti ana a Jailosi anakula ndi bambo wawo. Sindinasankhebe mbali. Chimene ndimadziwa n'chakuti agogo anapulumutsa munthu uja mawu ake akuwawawabe, pakuti kufikira tsiku limene tinawaika m'manda, sanapondenso pa msika wa Chonde.