Lamba wa Thirakitala ya Alamu

Alamu anga a ku Area 47 atadzutsa thirakitala yakale ya malemu apongozi, mkazi wanga ankangowatama kosalekeza. Ine, amene ndakalambira pa sipanala, sananditchulepo.

Kenaka batire lake linayamba kumatha moto, ndipo alamuwo anandiitana. Nditangosuzumira ndinaona kuti lamba wa alitineta, chipangizo chotchajira batire, wakhwefuka, ntchito yongomanga bawuti imodzi.

"Mwaonapo kanthu, alamu?" anandifunsa.

"Zovuta izi," ndinayankha, manja ali m'thumba. "Zinthu zakale sizichedwa kukhumudwitsa."

Ndinkangofuna avutikeko pang'ono. Koma mkazi wanga, pomvera chisoni achimwene ake, anawabwereketsa batire la galimoto yanga, nalonso linakathera komweko. Kuulula tsopano ndikuchita manyazi. Mpaka lero lambayo adakali chikhwefukire, ine kuntchito ndikupita pa minibasi.