Chithokomiro cha Dainess

Dainess wa ku Mwape ankaumba mbiya. Mitsuko yake inkafika mpaka ku Nyimba, kumene akazi a anthu okonza msewu waukulu ankachita kuilimbirana. Mwamuna wake, Amon, anapita ku mgodi wa malasha ku Wanki chaka chomwe boma la chitaganya linayamba, ndipo makalata ake ankabwera mwa apo ndi apo.

Chithokomiro chinayamba ngati kamtedza pakhosi. Patatha zaka zisanu chinali ngati dzungu laling'ono. Akasenza dongo kuchokera kudambo ankatula katatu panjira, mpweya ukulira ngati mluzu.

Dokotala wa pachipatala cha mishoni anachipapasa, womasulira n'kuti: "Amai, mubwele mukakolola, adzachotsa. Koma muzidya bwino, magazi achepa."

Anakolola yekha, pang'onopang'ono. Anayamba kudya mazira, amene sanawalawepo chitherere msinkhu, ndipo ankawameza maso ali tsinzinu. Anazira nyumba, anafoleretsa nkhokwe, anasinja ufa wodzaza mitanga iwiri. Mbuzi zake zinayi anakazisiya kwa mng'ono wake Ennie. Anakalapa kutchalitchi. Kenako anatenga mtsuko watsopano n'kukaupereka kwa Sophia, mnansi amene sankalankhulana naye zaka ziwiri chifukwa cha malire a munda. Sophia anaulandira ndi manja awiri.

"Akulu," anatero Ennie, "mukukonza ngati simudzabwelela."

"Ndikukonza kuti ndikabwela ndisadzagwile kanthu. Ndatopa, Ennie. Ngakhale kuopa ndatopa nako."

Anayenda wapansi masiku awiri kukafika ku Nyimba, n'kukwera lole yonyamula mtedza. Atafika pachipatala, sisitala anamuuza kuti dokotala wadwala, amutengera ku Fort Jameson. Wina adzabwera mvula ikayandikira.

Dainess sanalire. Anatula kamtolo kake pakhonde, nakhala pansi, miyendo ili tambasu.

"Amai, pitani kumudzi. Tidzatumiza uthenga."

"Kumudzi ndatsanzika kale, asisitala. Dzulo ndagona panjila, dzana panjila. Mphamvu zokonzekela kawili ndilibe."

Sisitala anamulozera kanyumba kamene ankagona odikirira matenda. Dainess anakhala mmenemo milungu khumi ndi umodzi. M'mawa ankasesa bwalo, akupumira mzere uliwonse. Masana ankatola miyala mu nyemba za odwala. Anaona anthu akulowa, ena akutuluka ndi miyendo yawo, ena atakulungidwa m'mphasa, ndipo anasiya kufunsa kuti ankadwala chiyani.

Dokotala watsopano anafika mitambo itayamba kusonkhana. Tsiku la opaleshoni Dainess anasamba, anavula mikanda, nagona pamachira. Nsalu ya mankhwala ogonetsa itafika pamphuno, chimene anamva si mantha ayi, koma kuti tsopano apuma.

Anadzuka khosi lili lopepuka, lomangidwa nsalu zoyera. Mawu anakana kutuluka milungu itatu, ndipo atabwerera anali osasa, apansipansi. Anafika ku Mwape chimanga cha anzake chitafika m'mawondo. Theka la munda wake linali tchire, ndipo chaka chimenecho sanaligwire n'komwe.

Nyimbo za kutchalitchi, zimene kale ankayambitsa ndiye, sanaziyambitsenso. Ankangowomba m'manja kumbuyo. Anakhala zaka zina makumi awiri ndi mphambu, ndipo ana obadwa pambuyo pa opaleshoniyo ankayesa kuti mawu amenewo anabadwa nawo.