Ambuye, Magetsi Okha

Dzulo mwana wanga Tadala anandiikira pa foni gemu yomwe tinkasewera pa TV tili ana ku Sadzi. Kanyimbo kake katangolira, ndinamva fungo la pulasitiki yotentha.

"Mukatopa mudine apa, adadi," anatero. "Isunga pomwe mwafika."

Isunga! Kamakina kathu sikankasunga kanthu. Kakazima, umayambiranso poyamba. Lamulungu lina m'mawa, ine ndi achimwene titangofika pa chilombo chomaliza cha m'gemumo, amayi anaitana kuti tizipita kutchalitchi. Achimwene anaimitsa gemuyo, anazimitsa TV yokha, n'kuphimba kagetsi kofiira ka makinawo ndi nsalu ya patebulo kuti amayi asadziwe kuti akadali oyaka.

Mitambo inali itakuta phiri, ndipo kwathu mvula ikangoyamba, magetsi ankazima. Mapemphero onse ndinali nditatsinzina zolimba, thukuta lili kamukamu, milomo ikunjenjemera: "Ambuye, magetsi okha."

Mayi wina anakodola amayi. "Anthuni, mwana wanuyu adzakhala m'busa."

Tinafika kunyumba magetsi akuyaka. Mulungu anali atamva. Koma abambo, omwe anatsala chifukwa cha chimfine, anali atazula chingwe chathu n'kulumikiza simbi kuti asite malaya a kuntchito. Ndinalira mpaka maso kutupa, ndikudziimba mlandu kuti m'pemphero lonse lija ndinaiwala kutchula abambo.

Lero ndadina pomwe Tadala anandionetsa, chilombo chija n'kuchipha ndikumwa tiyi. Mpaka pano amayi amauza anthu kuti ndinali mwana wokonda kupemphera, chinandiwononga ndi yunivesite.