Goli la Che Mustapha

Che Mustapha a kwa Maganga anali munthu wa ngolo. Ndikatero ndatha zonse, chifukwa bambo ameneyo analibe bwato, analibe njinga, munda wawo unali kachigamba chabe. Chuma chawo chinali ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Mawanga, ndi ngolo ya matayala a galimoto yakufa. Ine Eveles ndinkagula mpunga kudambo n'kumakagulitsa ku Salima, ndipo matumba anga ankakwera ngolo imeneyo. Nkhaniyi ndikuidziwa bwino, ndipo imandiwawa mpaka lero.

Ng'ombe zawozo ankazikonda moposa muyeso. Akazi awo a Jamila ankadandaula moseka kuti pakhomopo woyamba kufunsidwa ngati wadzuka bwino ndi Bulaki, wachiwiri Mawanga, iwo amabwera pambuyo. Chikwapu ankangonyamulira ulemu, sindinawaonepo akumenya nacho. Bulaki anali waphuma, Mawanga wofatsa ngati mkamwini watsopano, koma pa goli limene bamboyo anasema ndi manja awo zinkayenda ngati ng'ombe imodzi.

Titangovotera zipani zambiri, kunagwa mawu atsopano ochuluka. Amodzi mwa iwo anali akuti mgwirizano wa boma ndi kampani. Anatiitanira kubwalo la sukulu. Kunabwera bwana wina wa kuboma ndi a Lawson, kapitawo wa kampaniyo, munthu wa chipewa choyera cholimba chimene sankavula ngakhale ali pamthunzi. Anati amanga msewu wa malole wopita kudoko la sitima zapanyanja. Boma lipereka malo, kampani imanga, kenako izilipiritsa malole kwa zaka ndithu. Anthu anaomba m'manja.

Che Mustapha anakweza dzanja. "Bwana, ndamva. Ndiye kuti ndi awiri pa goli limodzi. Koma wogwira chingwe ndani?"

Bwalo lonse linaseka, mabwana nawo anaseka. Funsolo silinayankhidwe.

Msewu unabwera ndithu, wokongola, wokwezeka ngati khoma, n'kudula dambo pakati. Minda ya mpunga inatsala uko, chigayo ndi njira ya kumsika kuno. Mbali zonse ziwiri anatchinga ndi waya, ndipo ngolo analetsa, ati ziboda ziwononga phula. Ife a pansi anatimangira njira ya simenti yodutsa kunsi kwa msewuwo, yaitali ndi yamdima. Tinkangoitcha kuti kuphanga.

Ng'ombe zinakana kulowamo. Lole ikadutsa pamwamba, m'katimo munkagunda ngati bingu. Che Mustapha sanakwiye. Ankatsogola chobwerera m'mbuyo atanyamula lichero la madeya, akuzinyengerera ndi kanyimbo, lero pang'ono, mawa pang'ono. Anthu ankawaseka kuti atsegula sukulu yaulere ya ng'ombe. Tsiku limene ngolo inatulukira mbali inayo, bamboyo anasangalala ngati alandira mwana.

Kenako mvula inagwa. Paja madzi saiwala khwawa. Madzi onse a dambo anasonkhana kuphanga, atasenza mchenga ndi matope, ndipo kotulukira kunalibe. Ngalande imene inayenera kuwatengera kunyanja inali isanakumbidwe. Matope anafika m'maondo. Amayi tinkadutsa titakwinya zitenje, koma ngolo ayi.

Apa ndi pamene panayambira ulendo wa Che Mustapha. Anapita kwa a Lawson.

"Achimwene, ife tinamanga phanga, ndipo mwaliona nokha kulimba kwake," anatero a Lawson. "Ngalande ndi ya boma."

Anabwereka njinga n'kupalasa mpaka kuboma. Atakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, a mu ofesimo anawauza kuti, "Bambo, chilichonse cha m'kati mwa waya uja ndi cha kampani. Komabe tamva, tiona."

Anabwerera kwa a Lawson, a Lawson n'kuwabwezera kuboma. Munthu wamkulu wa imvi zake ankaponyeranidwa ngati mpira wachikulunga. Palibe anawatukwana, palibe anawakankha. Onse ankawapatsa mpando ndi ulemu, n'kuwabweza chimanjamanja. Ine zimenezo ndiye zimandinyansa kwambiri. Bola munthu akukane poyera udziwe kuti wakanidwa.

Atatopa, anatenga khasu ndi fosholo kuti akumbe okha. Sanafike patali. Mlonda wa kampani anawalanda fosholoyo, ati kukumba pansi pa msewu n'kuswa lamulo, mwina msewu ungagwe. Taonani! Matope alibe mwini, koma munthu akawakhudza, mwini wake atulukira.

Dzinja lonse ngolo inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Njira yozungulira inalipo, koma inkadya tsiku lathunthu, ndipo palibe akanalipira ulendo wotero. Pakhomo panalowa njala. Abale anawalangiza kuti agulitse ng'ombe imodzi.

"Ndigulitse imodzi, inayo izikoka ndi ndani?" anayankha. "Inshallah, Mulungu akalola, kuphangako kuuma."

Mpunga utacha, kuphanga kunaoneka ngati kwauma. Pamwamba panali pogwira, koma pansi panali pofewa. Alimi anali ataunjika matumba tsidya linalo, onse akuitana ngolo. Che Mustapha anayesa pansi ndi ndodo, anayalamo nthambi ndi mapesi, n'kudutsa bwinobwino ngolo ili yopanda kanthu. Pobwerera anasenza matumba ochepa, osafika ndi theka la masiku onse.

Ine ndinali pakhomo la phangalo kudikira. Ali pakati, lole ya katundu inadutsa pamwamba. Bulaki anadzidzimuka n'kudumphira kutsogolo. Mawanga anaponda pofewa, mwendo unamira, ndipo ndinamva kuthyoka kwake ndili panja. Goli linapotokola khosi, ng'ombe n'kugwa chammbali. Anthu anathamanga, anamasula Bulaki, anatsitsa matumba. Mawanga sanadzuke. Ankangopuma movutika, maso ali pa mbuye wake.

Che Mustapha anagwada m'matopemo akuisisita pamphumi. Anthu tonse tinkadziwa chimene chatsala, chifukwa kwa Asilamu nyama yofa yokha ndi haramu, yoletsedwa kudya, ndipo banjalo likanataya zonse. Koma palibe anafuna kuyamba kunena. Ananena okha eni ng'ombe.

"Ndibwerekeni mpeni."

Anyamata anaitembenuza kuti iyang'ane ku Kibla, kumene Asilamu amayang'ana popemphera. Bamboyo anati Bismillah, kutchula dzina la Mulungu, n'kuzinga ng'ombe imene anailera kuyambira ili thole. Pamwamba malole ankangodutsa.

Nyamayo anaigula kwambiri antchito a kampani, pakuti ndiwo anali ndi kangachepe. A Lawson anatuma munthu kudzagula chiwindi. Che Mustapha sanadyeko ngakhale kachidutswa.

Mawa lake kunabwera galimoto ziwiri, ina ya boma, ina ya kampani. Mabwana anatsika, anasuzumira kuphanga atagwira mphuno, uyu akuloza uku, uyo akuloza uko. Anapepesa mokoma kwambiri. Aliyense anati mnzake aona chochita. Ngalande ija inadzakumbidwa chisankho china chitayandikira, koma ng'ombe sinabwezedwe ndi aliyense.

Bulaki anatsala yekha. A Jamila anandiuza kuti m'mawa uliwonse ankatuluka m'khola n'kukaima pambali pake pa goli, khosi ataweramitsa, kudikira kumangidwa. Ogula anabwera, bamboyo anakana. Yogulira ng'ombe ina analibe.

Tsiku lina ndikuchokera kudambo ndinaona ngolo ija ikubwera pang'onopang'ono, itanyamula timatumba tiwiri. Kumanja kwa goli kunali Bulaki. Kumanzere, pamalo a Mawanga, kunali Che Mustapha, atakulunga chiguduli paphewa, goli atalisenza, thukuta lili kamukamu.

"Che Mustapha, mudzipha nazo izi!" ndinakuwa.

Anaima n'kupuma kaye. "Nanga nditani, mayi? Goli silisenzeka mbali imodzi."

Anasisita Bulaki pakhosi, n'kuyamba kanyimbo kaja, ndipo awiriwo analowa kuphanga.